Madzi a M'rediyeta

Dzuwa linali litapendeka pamene make mwana anakhala pa kampando kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusambitsa khanda lake m'beseni lobiriwira. Mwanayo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ankakonda kumenya madzi ndi timanja mpaka thovu kudumphira m'maso mwa amake. Kutsidya kwa mpanda, mayi wochapira anthu zovala, amene mudzi wonse unkawatchula kuti a Thovu, anali kutsukuluza nsalu zomaliza za tsikulo.

Kenaka kunamveka kulira kwa galimoto kwachilendo. Vani ya amuna ake, make mwana ankaidziwa ikadali kutali, chifukwa inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Koma iyi inkabangula chapansipansi, ndipo mkati mwa kubangulako munkamveka kamluzu kopyapyala. Agalu amene ankathamangira galimoto iliyonse anapinda michira n'kukabisala.

Vani yoyera inaima pabwalo, ndipo munatsika amuna atatu. Woyamba anali dalaivala, mwamuna wake. Wachiwiri anali mlamu wake, mng'ono wa dalaivalayo, bambo wanthabwala amene ankakweza ndi kutsitsa katundu. Wachitatu anali makaniko wa kugalaja ya kumapeto kwa mudzi, yemwe anthu ankamutchula kuti a Chikhatho chifukwa cha kukula kwa manja ake.

Vaniyo inali itakhala kugalaja masabata atatu. Pakati pa mudziwo ndi msika waukulu panali chitunda chachitali, ndipo vani ikadzaza katundu inkafika pakati pa chitundacho n'kuyamba kuwira. Okwera ankatsika n'kumayenda pansi akutukwana, madalaivala ena n'kumawadutsa akuliza hutala. Dalaivala anatopa n'kusekedwa, ndiye anapita kwa a Chikhatho kukapempha mphamvu.

"Mayi ake, bwera udzaone!" anaitana dalaivala. Anatukula mpando wakutsogolo, poti injini ya vani imakhala pansi pa mpandowo. "Masilinda awakulitsa, mapisitoni aika aakulu, hedi aipala. Ichi chozungulirachi ndi thebo, chowonjezera mphamvu. Ndi chimene chikuimba mluzu."

"Anachichotsa m'galimoto ya ngozi, alamu," anatero mlamu akuseka. "Eni ake sachifunanso. Koma achimwene, ine funso langa ndi lomwe lija. Injini yakula, moto wachuluka, koma rediyeta ndi yomwe ija yakalekale. Timadzi timeneti tiziziritsa bwanji chimoto chonsechi?"

"Kutenthako kuli ndi kopita kwake," anayankha a Chikhatho. "Chachikulu n'chimodzi. Injini imeneyi musamaipatse madzi a pampopi, ndi ouma, amadya mapaipi. Muziipatsa madzi ofewa, amene munthu wagwiritsapo kale ntchito. Ochapira, osambira, otere."

Polankhula mawuwa maso awo anali pa beseni lobiriwira. Make mwana sanadziwe chifukwa chake, koma ananyamula mwana wake, n'kukankha besenilo ndi phazi. Madzi anakhuthukira m'dothi.

"Aa, mwataya mankhwala," anatero a Chikhatho akumwetulira. Anasuzumira kutsidya kwa mpanda. "Mayi, tigaireni ndowa imodzi yotsukuluzirayo."

A Thovu anawapatsa mosavuta, akuseka kuti galimoto za masiku ano zayamba kumwa sopo. Madziwo anathiridwa m'rediyeta. Atamaliza, a Chikhatho anapempha madzi osamba m'manja. Make mwana atafuna kunyamula mbaleyo kuti akataye, bamboyo anamugwira pamkono.

"Anga ndimataya ndekha."

Anawathira pansi, n'kupondaponda pamalopo mpaka matope atauma. Kenaka anapukuta manja ndi khosi ndi kathawulo kakuda kamene kankakhala paphewa pawo nthawi zonse. Make mwana anaziona zonsezo.

Mawa lake vani inakwera chitunda itadzaza mpaka kudenga, osasintha giya ngakhale kamodzi. Kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini sikanasunthe. Amayi a malonda, amene kale ankakana mpando wakutsogolo ponena kuti umawotcha matako, tsopano ankatsika akudandaula kuti ukuzizira ngati simenti ya m'mawa. Dalaivala anayamba kuyenda maulendo awiri pa tsiku, wam'mawa ndi wamasana.

Tsiku lachitatu, a Thovu anagwa pa mwala wochapira.

Poyamba anthu anati ndi malungo. Kuchipatala anawayeza magazi, sanapeze kanthu, anawapatsa mapilitsi n'kuwabweza. Koma ludzu lawo silinali la munthu. Ankamwa ndowa yonse atagwada, milomo n'kukhalabe yong'ambika. M'chipinda mwawo munkanunkha chitsulo chotentha ndi dzimbiri. Amene anawasamalira ankanong'onezana kuti ukaika khutu pachifuwa pawo umamva kubwata, ngati ketulo ili pamoto, ndipo thupi likayamba kuzizira madzulo linkamveka kuti the, the, the, ngati malata dzuwa likalowa.

"Wina wawachita," ankatero anthu pampopi.

"Ndani angachitire nsanje munthu wochapa?"

"Khalani chete, asakumveni."

A Thovu anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili pamutu. Pa ola lomwelo vani inali pakati pa chitunda. Kamuvi kanalumpha mpaka pofiira, nthunzi inatuluka pansi pa mpando, okwera n'kuthawa akukuwa. Pamalopo panalibe madzi ena koma a m'chigubu cha mlamu, amene ankasukusulira kumaso akatsitsa katundu n'kubwezera momwemo kuti asawononge. Injini itazizira, mlamuyo anawathira yekha m'rediyeta. Vani inadzuka n'kumaliza chitunda ngati palibe chachitika.

Patapita masiku awiri, mlamu anakanika kunyamula thumba limodzi. Poti analibe mkazi, anamugoneka pabalaza pa mkulu wake, ndipo amene ankamusamalira anali make mwana.

"Alamu, ndasanduka ngamila," ankayesa kuseka mlamuyo. "Bweretsani ndowa ina. Kapuyi mukundinyoza nayo."

Make mwana sanapite patali ndi sukulu, koma maso ake sankaphonya kanthu. Anaona kuti thupi la mlamu silitentha nthawi zonse. M'mawa vani ikanyamuka ankakhala bwino, ankadya n'kucheza. Pakapita kanthawi, nthawi imene belu la kusukulu limalira, ankayamba kupuma mofulumira, thukuta n'kuuma pakhungu likadali kutuluka. Pakatha mphindi makumi awiri ankapepukidwa. Masana zinkabwereranso chimodzimodzi. Lamulungu, vani itaima pabwalo tsiku lonse, mlamu anadzuka n'kukakhala panja, n'kumaseweretsa mwana. Lolemba m'mawa anagwanso.

Madzulo ake make mwana anadikira kuti mwamuna wake amalize kudya.

"Bambo ake, mumafika pachitunda nthawi yanji m'mawa?"

"Bwanji?"

"Belu la kusukulu likamalira, si choncho? Ndi nthawi imene alamu amapsa. Vani ikapuma, iwonso amapuma. A Thovu aja madzi awo..."

"Iwe, usandiyambitse mutu."

"Ingoimikani masiku atatu tione."

"Ndiimike? Anthu angoyamba kumene kundipatsa ulemu, iwe ukuti ndiimike chifukwa cha maloto ako? Mng'ono wanga akudwala malungo. Ukamayankhula zimenezi panja, anthu adzati mfiti ndiwe."

Anadzuka n'kutuluka. Koma make mwana anaona kuti podutsa pabalaza, mwamuna wake sanayang'ane kumene kunagona mng'ono wake.

Mlamu analimba masabata awiri chifukwa anali munthu wamphamvu. Tsiku lomaliza anagwira dzanja la make mwana, ndipo chikhatho chake chinamuwotcha ngati chogwirira cha poto.

"Alamu, mukuumva mluzuwo?"

"Kulibe mluzu, alamu. Vani ili kutali."

"Uli m'mutu mwangamu. Akusintha giya tsopano. Auzeni achimwene asaponde kwambiri."

Sanalankhulenso. Masana amenewo vani inabwera ikukokedwa ndi thirakitala, ikutuluka nthunzi.

Maliro atatha, vani inakhala pabwalo masiku anayi. Dalaivala anayesa madzi a pampopi, koma injini inkawira isanatuluke n'komwe m'mudzi. Anayenda khomo ndi khomo kupempha madzi ochapira, koma mphekesera zinali zitafika kale paliponse. Amayi ankamuona akubwera n'kukhuthula mabeseni awo pansi. Make mwana nayenso ankati akasambitsa mwana, madziwo ankakawataya m'chimbudzi nthawi yomweyo.

Tsiku lachisanu madzulo, ali pakati posambitsa mwana, mafuta anagwira moto pa mbaula kukhitchini. Anathamanga ndi mwana m'manja, n'kuvundikira poto. Sizinatenge nthawi. Pobwerera anapeza beseni lobiriwira lili pomwe analisiya, koma lopanda kanthu, ndipo pansi pozungulira panali pouma. Kubwalo, mwamuna wake anali kutsitsa mpando wa vani.

"Bambo ake, madzi a mwana ali kuti?"

"Ndataya."

"Mwataya pati?"

"Kodi ndiziyankha mafunso pa nyumba yanga yomwe?" Anapukuta manja pa buluku. "Mawa ndingoyenda ulendo umodzi wa kumsika. Mkuja ndapeza hayala yaikulu, matumba a simenti opita kuseri kwa phiri. Maola atatu kukwera kokhakokha. Palibe vani ina ingakwanitse."

M'mawa mwake belu la kusukulu litalira, mwana anasiya bere n'kukuwa. Thupi lake linatentha mpaka amake analimva kupyola nsalu. Timilomo tinauma, liwombo linalowa mkati, ndipo m'kamwa mwake munkatuluka fungo lija la dzimbiri. Make mwana anamukulunga m'nsalu yonyowa, nsaluyo n'kuuma m'manja mwake. Anawerenga mphindi akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Zitakwana makumi awiri, mwana analeka kukuwa n'kugona ali lefu, maso ali otsekula pang'ono.

Mphindi makumi awiri zokha zinamufikitsa pamenepo. Mawa kunali maola atatu.

Anabereka mwana n'kupita kugalaja. Anapeza a Chikhatho akusamba m'manja m'chigubu chodula pakati, kathawulo kawo atakakoleka pa chitseko cha galimoto yakufa.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Masulani mwana wanga."

"Ine ndimamasula mabawuti, mayi, osati ana."

"A Thovu apita. Alamu apita. Uyu sanayambe n'kuyenda komwe."

A Chikhatho anatsitsa mawu. "Injini ikamagwira ntchito yoposa msinkhu wake, pamafunika wina woti asenze motowo. Amuna anu ndinawafotokozera zonse tsiku loyamba, pomwe mwaimapo. Ndinawafunsa kawiri. Anati bola vani ikwere."

"Mukunama."

"Kawafunseni. Ndipo musadandaule kwambiri, madzi a mwana ndi abwino, amakhalitsa kuposa mmene mukuganizira. Mukadali wamng'ono inu, mudzabereka ena."

Ananyamula chigubu chawo n'kupita nacho kuseri kwa galaja kuti akataye okha, monga mwa chizolowezi chawo. Make mwana anamva madzi akukhuthuka, kenaka phazi likupondaponda. Anatambasula dzanja, n'kutenga kathawulo kaja, n'kukalowetsa pakati pa msana wake ndi mwana. Kanali konyowa ndi thukuta, kolemera ndi litsiro la miyezi. A Chikhatho ankasamala madzi awo, koma sanachapepo chovala chiyambire. Sankadziwa zimene mayi aliyense amadziwa, kuti zonse zimene thupi lasiya m'nsalu zimatuluka ukainyika.

Kunyumba anakanyika m'ndowa ya madzi ofunda n'kuibisa kuseri kwa chitseko. Vani inabwera chakumadzulo. Dalaivala anasuzumira mwana ali pakhomo, osalowa, n'kunena kuti akupita kusitolo kukaonera mpira.

Kunja kukadali kowala, make mwana anagoneka mwana pamphasa n'kukwawira pansi pa vani. Anali ataonapo mlamu wake akuchita zimenezi: pansi pa rediyeta pali kampopi kapulasitiki kokhala ngati mapiko a gulugufe. Kanali kolimba. Anakapotoza ndi zala mpaka chikhadabo chinathyoka, kenaka anakakulunga ndi nsonga ya nsalu yake n'kupotozanso. Kanamasuka. Madzi anatuluka akununkhira sopo wa mwana wake, ndipo sankatuluka mosalekeza ngati madzi a pampopi. Ankatuluka modukizadukiza, mofulumira, ngati kugunda kwa kamtima.

Anawasiya onse alowe m'dothi. Kenaka anatukula mpando, n'kuthira madzi a pampopi katatu, akuwasiya adutse, monga mmene amatsukuluzira botolo la mwana. Fungo la sopo litatheratu anatseka kampopi kaja, n'kufinya kathawulo mpaka dontho lomaliza. Madzi a m'ndowa anali akuda bii. Rediyeta inawameza ikuchita phokoso ngati munthu waludzu.

Atalowa m'nyumba anapeza mwana akutuluka thukuta, akufunafuna bere.

M'mawa dalaivala anakweza matumba a simenti mpaka matayala anaphwatalala. Asananyamuke anaima pakhomo la kuchipinda, n'kuyang'ana mwana kanthawi, ngati munthu wotsanzika. Kenaka anapita.

Belu la kusukulu linalira. Make mwana anaika mlomo wake pachipumi pa mwana. Panali pozizira. Anadikira ola lathunthu ali chomwecho, mwana akuseweretsa mkanda wa m'khosi mwake. Kenaka kunamveka mfuu kuchokera kumpopi.

Atafika anapeza anthu atazungulira patali. A Chikhatho anali atagwada pansi pa mpopi, malaya atang'amba, akudzipopera madzi pamutu ndi dzanja limodzi. Madzi akagwa pamsana pawo ankachita kuti tsss, nthunzi n'kukwera.

"Muimbireni dalaivala!" ankakuwa a Chikhatho. "Azimitse injini! Azimitse!"

"Foni sikugwira kuphiri," anayankha wina.

"Akhuthule madziwo! Si anga ofunika kukhala mmenemo, ndi a mwana! Tinagwirizana a mwana!"

Amayi ena anatembenuka kuyang'ana make mwana, amene anaima kumbuyo ndi khanda lake kumsana. A Chikhatho anatsatira maso awo. Anagwira paphewa pawo pamene pankakhala kathawulo, n'kupeza palibe. Anatsekula pakamwa, koma m'malo mwa mawu munatuluka kamluzu kopyapyala. Anadzuka akudzandira, n'kuthamangira kumunsi kumene kunali mtsinje, ndipo palibe amene anawatsatira. Madzulo anthu anapeza nsapato zawo m'mphepete mwa madzi, mphira wake utasungunuka.

Dalaivala anabwera dzuwa likulowa, akuliza hutala. Anati kamuvi sikanasunthe ulendo wonse. Atalowa m'nyumba n'kuona mwana akukwawa pamphasa, anaima chilili. Sanamunyamule. Za kumpopi anazimva kwa anthu ena, ndipo sanafunse mkazi wake chilichonse.

Kuyambira tsiku limenelo anthu a m'mudzi analeka kukwera vaniyo, koma dalaivala ankapeza mahayala kutali. Galaja inakhala yotseka. Ena ankati a Chikhatho anamira, koma make mwana ankadziwa kuti ali moyo kwinakwake, chifukwa vani inkayendabe yozizira. M'mawa uliwonse ankaimvetsera ikunyamuka, n'kumawerenga masiku. Ankafuna kukhulupirira kuti makaniko uja ananama, kuti mwamuna wake sanadziwe, kuti zonsezi zikadzatha adzagulitsa vaniyo. Komabe Lolemba lina anatenga malaya amene mwamunayo anavala sabata yonse, n'kuwanyika m'ndowa kuseri kwa chitseko, osathira sopo. Madziwo anawasunga m'chigubu.

Tsiku la makumi awiri ndi limodzi, vani inabwera ikukokedwa, ikutuluka nthunzi.

Madzulo amenewo make mwana anakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, akusambitsa mwana m'beseni lobiriwira. Anamva mapazi kumbuyo kwake, koma sanatembenuke. Mwamuna wake anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana timanja tikumenya madzi.

"Mayi ake."

"Ee, bambo ake."

"Mawa ndili ndi hayala ya kuphiri." Analoza beseni. "Ukamaliza, madziwo usataye."

Make mwana anatulutsa mwana m'madzi, n'kumukulunga bwinobwino, n'kumupukuta kuseri kwa makutu.

"Awa ndi ochepa, sangadzaze," anatero modekha. "Ndakhala ndikukusungirani. Chigubu chili kuseri kwa chitseko, n'chodzaza."

Mwamunayo anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chigubu, n'kupita nacho kubwalo. Make mwana anamva mpando wa vani ukutukulidwa, chitsekerero cha rediyeta chikumasulidwa, kenaka phokoso lija la kumeza. Anapendeketsa beseni ndi phazi, n'kupondaponda pamalopo mpaka matope atauma.